Nambala Imene Bambo Anasema pa Chitseko

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndichotse chitseko chakale cha kukhitchini, ati chikuchititsa manyazi nyumba ya malata. Tsopano poti ndapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo nthawi ndili nayo, ndilembe chifukwa chimene ndimakanira. Za ubwana wanga sindichulutsa gaga m'diwa. Mukudziwa kale kuti ndinakulira m'manja mwa agogo aNangondo kwa Msakambewa, amayi ndi bambo atamwalira ndisanayambe sukulu. Agogo anali oumba mbiya, a pakamwa polasa, osadziwa kunyengerera mwana. Ine ndinakula ndili wa phee, maso okha ndiwo ankagwira ntchito.

Chitsekocho chinali cha nyumba yawo. Pa kalembera wa 1966, wolemba anthu anafika pakhomo pathu nalemba ndi choko nambala 47 pa chitseko cha agogo, nalembanso yomweyo pa cha makolo anga, poti nyumba ziwirizo zinkadya za nkhokwe imodzi. Pochoka anati, "Musafufute mpaka akuluakulu adzaone." Bambo anali mkamwini wochokera ku Ntchisi, kalipentala, ndipo zitseko zonse ziwirizo anakhoma ndi iwo ndi matabwa a mlombwa. Kuwerenga sankadziwa, koma mawu a boma ankawaopa. Poona kuti choko chingachoke ndi mvula kapena ndi manja a ana, anatenga chitsulo chawo chosemera natsata m'mene munadutsa choko, kenako nazunguliza nambalayo ndi timano tonga ta sowo. Akuluakuluwo sanabwere n'komwe. Chaka chotsatira amayi anamwalira pobereka mlongo wanga. Khandalo linkafunika bere, ndipo mlongo wawo wa bambo ku Ntchisi anali ndi mwana woyamwa. Choncho atawasudzula, bambo ananyamula zida zawo, chitseko chawo ndi khandalo, pa pangano lakuti mwana akaleka kuyamwa adzabwezedwa kwa eni mbumba. Iwo anapitirira ku Joni, ndipo uthenga umene unabwerako unali wa maliro. Agogo anayenda wapansi kukafuna mdzukulu wawo, koma anakapeza mabwinja. Anthu anawauza kuti banjalo linapita kukalima fodya ku maesiteti, ndipo palibe ankadziwa kuti ndi esiteti iti. Kuyambira pamenepo, nthawi zina potseka pakhomo ankang'ung'udza kuti, "Chinzake cha ichi chinapita ndi Siyireni." Limenelo ndilo dzina limene anapatsa khandalo. Sankanena zambiri kuposa apo.

1985: Chezi

Ntchito yanga yoyamba inali pa sukulu ina ya kumudzi cha ku Chezi. Anandipatsa Sitandade 2, ana odzaza tchalitchi chonse chimene tinkabwereka, ndi nyumba yaudzu yogawana ndi mphunzitsi mnzanga. Ahedi anali a Msiska, munthu wamtali wosaseka wamba, amene ankasunga choko m'thumba la jekete ngati mankhwala. Lolemba lililonse ankachidula tizidutswa natigawira m'manja. Chikatha, tinkatuma ana kuti abweretse makaka, chinangwa chouma chija, n'kumalembera chimenecho pa bolodi limene tinkalidetsa ndi zamkati mwa mabatire akutha. Vuto linali lakuti mphunzitsi akangotembenuka, ana a kutsogolo ankadya chokocho. Tsiku lina a Msiska anaima pazenera akundionera, ndipo poweruka anandiitana. Ine ndinkayembekezera kukalipiridwa chifukwa mawu anga sankafika kumbuyo. Iwo anati, "A Banda, inu kukuwa simudziwa, ndipo musavutike kuphunzira. Koma ndaona kuti mwasamutsira kutsogolo kamtsikana kaja kosamva bwino, pamene ine ndakhala nako zaka ziwiri osazindikira. Maso amenewo muwasunge." Munthu wamkulu sanandiyamikirepo chotero chibadwire, ndipo mawuwo ndinayenda nawo mpaka tsiku lopuma ntchito.

1987: M'mapiri a Ntchisi

Nditatha zaka ziwiri ananditumiza ku sukulu ya m'mapiri ku Ntchisi, kumene aphunzitsi ankakukana chifukwa mvula ikayamba msewu unkasanduka phala. Ndinadandaula mumtima, poti kunali kutali ndi agogo, amene chifuwa chinali chitayamba kuwavuta. Chaka chomwecho kunabwera kalembera, ndipo aphunzitsi ambiri tinatengedwa kuti tikalembe anthu. Anatiphunzitsa ku Boma, natilumbiritsa kuti zimene tikamve m'nyumba za anthu sitidzauza wina aliyense, ndi kuti wophwanya lumbirolo ntchito idzamuthera. Woyang'anira gulu lathu anali a Zimba, munthu wamfupi wovala tayi ngakhale pafumbi. Lamulo lawo linali limodzi: "Lembani zimene mwauzidwa, osati zimene mukuganiza." Anatipatsa mabuku, mapensulo ndi choko cha bokosi lathunthu aliyense. Ine ndinalitsekula n'kuyamba ndanunkhiza, ndikukumbukira a Msiska.

Dera langa linali la midzi yomwazikana m'zitunda, kukwera ndi kutsika tsiku lonse, nthawi imene anthu amakhala akuthirira nazale za fodya m'madimba. M'mawa wina ndinafika pa nyumba ya mayi wachikulire amene ankaswa mtedza pakhonde.

"Odi kuno!"

"Fikani, a boma. Mwabwera kudzatiwerenga ngati mbuzi? Mukatha mutigulitsa kuti?"

Ndinaseka, n'kudzitchula kuti ndine Banda, mphunzitsi. Iwo anaomba m'manja. "Abanda! Ndiye mwafika kwanu, ine ndine Nabanda. Enelesi, bweretsa mpando, wabwera wachibale wa tayi." Tayi ndinalibe, koma mpando unabwera. Anaubweretsa mtsikana wa zaka ngati makumi awiri, mwana ali kumsana, miyendo ili matope a kudimba. Anagwada kundipatsa moni, ndipo podzuka anatsamira dzanja pabondo mwa njira imene ndinaiona kwinakwake, koma sindinakumbuke kuti n'kuti. Ndinalemba onse a pakhomopo. Amuna awo a aNabanda anali atamwalira. Enelesi anati ndi mwana wawo wotsiriza, wobadwira konkuno ku Ntchisi, ndipo mwamuna wake anali mkamwini pomwepo. Nditatha ndinatulutsa choko kuti ndilembe nambala ya nyumba. Chitseko chinali chotsekukira mkati, ndiye Enelesi analowa kukachikankha.

Ana anga, ine chitseko cha agogo ndinachiyang'ana tsiku ndi tsiku kwa ubwana wanga wonse. Nambala zoyamba kuzidziwa pa moyo wanga zinali zimenezo, ndipo timano tija ndinkatiyendetsa chala ndisanadziwe kulankhula bwino. Chimene chinabwera patsogolo panga m'mawa umenewo chinali chomwecho: mlombwa womwewo, 47 yemweyo, timano tomweto. Choko chinandigwa m'manja. Nditachitola ndinalemba nambala yatsopano m'munsi, dzanja likunjenjemera, kenako ndinafunsa mwapansipansi kuti chitsekocho anakhoma ndani.

"Alongo anga, malemu," anatero aNabanda.

"Anakhomera kwa Msakambewa?"

Manja awo anaima mu lichero. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anauza Enelesi kuti abwerere kudimba nazale zisapse. Ine ndinatsazika, koma ndisanafike pa nyumba yotsatira ndinamva mapazi kumbuyo. Anandipeza pansi pa mtengo wa masuku, akupuma mwawefuwefu.

"Ndiwe uja tinkamva kuti anatsala ndi agogo ake?" Ulemu wa boma unali utatha, ankalankhula ndi mwana wa mlongo wawo. Ndinavomera. Iwo anakhala pansi pa njira pomwepo. "Wanga uja anamwalira ndi chikuku asanayambe kukwawa. Bere linatsala ndi mmodzi. Ataleka kuyamwa ndinati ndidikire akolole, atakolola ndinati ndidikire mvula ithe, kenako tinapita ku esiteti. Pobwerako sindinafune kumanga pamudzi wakale. Ukanakhala iwe, ukanabweza?"

"Iye akudziwa?"

"Sakudziwa kanthu. Ndakugwira mwendo, mwana wa alongo anga. Akwanu akamva adzabwera kudzamutenga iye ndi mwana wake yemwe, poti mbumba ndi yawo. Ine ndidzatsala ndi chiyani? Lemba zimene ndakuuzazo, upite."

Ndinawauza kuti m'buku ndalemba zimene ananena ndipo sindisintha. Za zinazo sindinalonjeze kanthu.

Madzulo ake ndinapita kwa a Zimba, amene ankagona m'kalasi pa sukulu yathu. Ndinawafotokozera popanda kutchula dzina kapena mudzi. Anamasula tayi, chinthu chimene sindinaonepo, nati, "Zimene mwamva buku lili m'manja ndi za boma, ndipo mukapita nazo kwa akwanu n'kubuka mlandu, ine ndidzakhala woyamba kukunenezani. Koma chitseko chimaonedwa ndi aliyense wodutsa, ndipo anasema ndi bambo anu, osati boma. Malizani ntchito, mubweze mabuku. Mukatero ndinu mwana wa munthu, osati kalembera. Kungoti kumbukirani: mayiyo anakutsekulirani pakhomo chifukwa cha buku lathuli. Musawachititse kuti adzanong'oneze bondo." Ndinagwira ntchito masiku otsalawo ngati munthu woyenda ndi khala la moto m'thumba. Tsiku lobweza mabuku ndinadutsanso kwa aNabanda, n'kuwapeza okha. Ndinati, "Kwa Enelesi sindinena kanthu, pakamwa ponena ndi panu. Koma agogo akudwala, ndipo mvula ikagwa kuno sikufikika. Ndibwera nawo isanagwe. Ndibwera nawo okha." Iwo anapitiriza ntchito yawo.

Kwa Msakambewa, chaka chomwecho

Ndinapeza agogo ataonda, akusalaza mbiya kuseri kwa nyumba, akutsokomola pang'onopang'ono. Ndinakhala pambali pawo n'kunena kuti chinzake cha chitseko ndachiona. Sanakuwe, sanalire. Anafunsa kuti, "Ali moyo?" Nditati ali moyo ndipo ali ndi mwana wamkazi, anapukuta manja nati, "Kaitane atsibweni ako." Apa ndiye panali povuta. Atsibweni a Dzonzi, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo mwa mwambo nkhaniyi inali yawo. Koma ndinkawadziwa. Anali munthu woti akapsa mtima mudzi wonse umadziwa, ndipo mawu oti "anatibera mwana" sankachoka pakamwa pawo akaledzera. Akanapita ndi gulu, ndipo Enelesi akanamva za kubadwa kwake kuchokera kwa alendo okalipa pabwalo. Ndinati, "Agogo, njira ndikuidziwa ndine ndekha. Ndikulondolerani ngati tipita awiri, ndipo ngati sitikatengako munthu."

"Iwe, mwana wadzana, ukundiuza zochita ndi mbumba yanga? Ndinakulera kuti udzandiikire malamulo?"

"Ayi, agogo. Koma ndinalonjeza."

"Unalonjeza wakuba!"

Chibadwire ndinali ndisanawakanirepo kanthu. Anandifulatira, ndipo kwa masiku angapo chakudya ankangondiikira pakhomo osanena mawu. Ine ndinkamva chifuwa chawo kudzera m'khoma, n'kumayang'ana mitambo imene inayamba kusonkhana cha kumvuma. Ndinkadziwa kuti ngati mvula igwa, kapena chifuwacho chiwagwetsa, adzapita osamuona mdzukulu wawo, ndipo wowatsekera njira ndidzakhala ine. Kangapo konse ndinanyamuka kuti ndikagogode kwa atsibweni, n'kubwerera panjira. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, kamphika katsopano atakakulunga m'nsalu. Anati, "Njinga yakoyo ili ndi mpweya, kapena ndi yongodzionetsera?"

A Saidi, amene anali ndi golosale pa malo a malonda pafupi ndi kwathu, ankapita ku Ntchisi ndi galimoto kukasiya katundu kwa achimwene awo. Atamva kuti agogo akukaona wachibale, anawakhazika kutsogolo, ine ndi njinga pamwamba pa matumba a mchere, ndipo za malipiro anakana kumva. Kuchokera pamene galimoto linatisiya ndinakweza agogo pakaliyala, pokwera phiri n'kumakankha. Njira yonse ankandinena kuti ndikusankha dala miyala.

Titafika, aNabanda anali pakhonde pomwe paja, ndipo nkhope yawo inandiuza kuti sananene kanthu kwa Enelesi. Agogo sanadikire mphasa. Analunjika pa chitseko, nayendetsa chala pa timano tija kuzungulira mpaka pamene anayambira, kenako anachikankha, chinalira. "Mahinjesi simuthira mafuta kuno? Mwini wake akanamva akanadzuka." Atatero anakhala pansi. Enelesi anabwera kudzapereka moni, ndipo podzuka anatsamira dzanja pabondo. Pamenepo ndinakumbukira kumene ndinakuona kudzuka kotero: agogo nawo ankadzuka chomwecho. Iwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natembenukira kwa aNabanda.

"Mwana uyu ngwanu?"

ANabanda anaweramitsa mutu. Nkhuku yokha ndiyo inkatola makoko a mtedza. Ine sindinkadziwa chimene chituluke pakamwa pa agogo paja.

"Ndati ngwanu? Mwamulera bwino. Ali ndi mwambo, ndipo sakuoneka wanjala."

ANabanda anaphimba nkhope ndi chitenje nayamba kulira. Atatonthola anati, "Enelesi, khala pansi. Awa ndi agogo ako, amayi a mayi ako okubereka. Uyu ndi mlongo wako wa bere limodzi. Ine ndine mlongo wa bambo ako. Ndinakuyamwitsa, ndipo ndinayenera kukubweza, koma sindinakubweze." Enelesi anatiyang'ana mmodzimmodzi, nadzuka, napita kuseri kwa nkhokwe. Palibe anamutsatira. Tinakhala chomwecho mpaka mthunzi wa nyumba unasuntha, akuluakulu awiriwo akuswa mtedza mu lichero limodzi osalankhulana. Pobwerako maso ake anali ofiira. Anamasula mwana kumsana namuika pamiyendo pa agogo, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndiye inu achimwene, tsiku lija munkanjenjemera ndi choko, munali mutadziwa? Ine ndinkati ndi malungo."

Agogo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Dzina lakuti Siyireni analitchula kamodzi kokha, akuyang'ana khandalo. Tinagona masiku awiri. Pochoka anapereka kamphika kaja kwa aNabanda, osati kwa Enelesi, nati, "Muziphikiramo ndiwo za mwana wathuyu." Mvula yoyamba inatipeza tikutsika m'galimoto la a Saidi.

Atsibweni atamva anakalipa monga ndinkayembekezera, ndipo chaka chathunthu sanandiyankhe moni. Koma nkhani inali itatha kale m'manja mwa eni ake. Agogo anamwalira titakolola chaka chotsatira. Enelesi anabwera kudzawadwazika mwezi wawo womaliza, ndipo aNabanda anabwera naye. Pa maliro anthu ankafunsa kuti mayi wolira kwambiri uja ndi ndani.

1998 mpaka lero

Pambuyo pake ndinaphunzitsa m'sukulu zina za ku Ntchisi ndi ku Dowa, n'kudzakhala hedi, ndipo choko ndinkachigawa chathunthu ndikakhala nacho. Pa kalembera wa 1998 ndinali woyang'anira gulu, ndipo mawu a a Zimba ndinawabwereza kwa achinyamata anga monga ndinawalandirira. Dera la azakhali anu a Enelesi silinali langa, koma iwo anandisimbira okha zimene zinachitika, ndipo andilola kuti ndilembe zonsezi. Nthawi imeneyo aNabanda anali atakalamba, akukhala m'nyumba mwa azakhali anuwo. Wolemba anafunsa azakhali anu kuti gogoyo ndi ndani wawo. Anati, "Amayi anga." Anafunsa kumene azakhali anuwo anabadwira. Anati, "Ku Dowa, kwa Msakambewa." Mnyamatayo anadabwa, poti gogoyo anali atangonena kuti ku Dowa anapitako kamodzi kokha, ku maliro. Azakhali anu anati, "Lembani zonse ziwiri, achimwene. Zonse n'zoona."

Ndikayang'ana m'mbuyo ndimathokoza a Msiska amene anandiuza kuti ndisunge maso, a Zimba amene anandiletsa kuthamanga, a Saidi ndi galimoto lawo, ndi agogo amene anameza mkwiyo wawo n'kukwera njinga. Ndimathokozanso bambo, amene nkhope yawo sindiikumbukira, chifukwa chomvera wolemba anthu mopitirira muyeso. Akanadziwa kuti choko chija chinali cha masabata ochepa chabe, inu simukanadziwana ndi asuweni anu a ku Ntchisi.

Chinzake cha chitsekochi chikadali kwa azakhali anu, pa nyumba yosungiramo fodya. Ichi cha kukhitchini ndinachizula ndekha nyumba ya agogo itayamba kugwa. Mukadzafuna kukonza nyumba ino ine kulibe, sinthani denga, sinthani mawindo, pakani utoto umene mukufuna. Chitsekocho muzingothira mafuta m'mahinjesi.